Mapaipi a M'dambo la Katope

Ezeliya Namaona anabadwira m'kanyumba ka udzu pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Nsaru. Makolo ake anachokera ku Phalombe. Anabwera pa lole pamodzi ndi mabanja ena, n'kukhala matenanti zaka zoposa makumi awiri. Mayi ake anamwalira iye ali Fomu 2. Esitetiyo itatsekedwa, bambo ake, a Lackson, sanabwerere kwawo. Anapempha kamalo m'mphepete mwa dambo la Katope, njira yopita ku Kabudula, n'kumangapo nyumba ya zidina. Imvi zinawamerera pomwepo, koma anthu a m'mudzimo ankawatchulabe kuti obwera.

Mtsikanayo anali ndi mutu wa masamu. Mphunzitsi wina, yemwenso anali mkulu wa mpingo, anamuona msanga n'kumukankha mpaka anasankhidwa kupita ku yunivesite. Kumeneko anaphunzira uinjiniya wa zachilengedwe, maphunziro oona mmene madzi amayendera pamwamba ndi pansi pa nthaka, komanso njira zokonzera malo amene anthu awononga. Mu 2008, ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, analembedwa ntchito yophunzitsa pa koleji ina ya ku Lilongwe.

Pa ntchito imeneyi munthu sakwera popanda digiri ya udokotala, ndipo digiriyo imabwera ndi kafukufuku. Anzake ankasankha kafukufuku wotha m'zaka ziwiri kapena zitatu. Ezeliya anasankha dambo limene bambo ake ankatungamo madzi. Kale zitsime za m'damboli zinkasunga madzi mpaka mvula ina, koma tsopano zinkauma Seputembala asanathe. Iye ankafuna kuyeza madziwo zaka khumi zathunthu. Zaka zisanu zoyamba angoyeza basi. Kenaka ayale mizere ya miyala ndi kudzala udzu wa vetiva pamtunda wa tsidya lina la dambo, kuti madzi a mvula azilowa pansi m'malo mothamanga, ndipo aone ngati zitsime zingatsitsimuke. Yunivesite ina ya kunja inavomera kumulangiza akugwira ntchito kuno kumudzi.

Mu 2009 anakumba maenje n'kuzika mapaipi makumi awiri ndi anayi, lililonse ndi nambala yake ya penti yofiira. Khumi ndi awiri anali kufupi ndi nyumba ya bambo ake. Enawo anali tsidya, kuseri kwa bango ndi kachitunda, ulendo wa ola limodzi wapansi. Kuyeza kwake kunali kosavuta. Munthu ankatsitsa tepi m'paipi, kunsonga kwake kuli kachitsulo kamphako. Kachitsuloko kakagunda madzi kankalira kuti phu, ndipo munthu ankawerenga nambala ya pa tepi n'kulemba m'kope. Chovuta chinali kupeza munthu wochita zimenezi tsiku loyamba la mwezi uliwonse osadumphitsa.

"Ntchito imeneyi ndi ya anthu a sukulu, mwana wanga," anatero a Lackson iye atawapempha. "Ine ndinalekezera Sitandade 3."

"Ababa, kodi sikelo ya fodya pa esiteti ankakuwerengerani ndani?"

Anaseka. "Palibe. Kalaliki akanandibera."

"Ndiye tepi iyi ingakukanikeni?"

Sinawakanike. Tsiku loyeza likafika ankavala jekete yawo ya kutchalitchi, n'kupachika pensulo kukhutu. Anthu anayamba kuwatchula kuti a injiniya. Poyamba linali dzina lowaseka, koma iwo ankaliyankha ndi mtima wonse, mpaka linakhazikika.

Zaka zoyamba Ezeliya ankabwera mwezi uliwonse, n'kuzungulira mapaipi onse pamodzi ndi bambo ake. Kenaka zinthu zinasintha. Kalasi yake ya ophunzira makumi asanu ndi limodzi inakula kufika mazana atatu. Aphunzitsi awiri anapita kunja osabwerera, ndipo maphunziro awo anagwera iye. Galimoto ya dipatimenti inafa, sinadzukenso. Mwamuna amene ankafuna kumukwatira anatopa ndi kudikira n'kukwatira wina. Ezeliya anayamba kubwera pakatha miyezi itatu. Ankakwera minibasi mpaka ku Nsaru, kenaka kabaza, n'kufika dzuwa lili paliwombo. Ankayeza mapaipi awiri kapena atatu apafupi, n'kupeza kuti akugwirizana ndi zimene bambo ake analemba. Akatero ankakopera manambala a m'kope n'kuthamangira minibasi yomaliza. Tsidya anapondako komaliza mu 2014, pamene ankayala miyala ija.

Ndipo manambala a tsidya anayamba kukoma. Mapaipi apafupi ankaonetsa madzi akutsika chaka ndi chaka, koma a tsidya, kumene kunali miyala ndi vetiva, ankaonetsa madzi akukwera. Tsiku limene anajambula mzere wake pa kompyuta n'kuuona ukuloza kumwamba, anatseka chitseko cha ofesi n'kulira ndi chimwemwe.

Mu 2017 anakafotokoza zimenezi pa msonkhano waukulu mu mzinda. Mkulu wa dipatimenti yake, a Pulofesa Duncan Msusa, anamugwira chanza pamaso pa anthu. Bungwe lina lothandiza alimi linatenga nzeruyo n'kupita nayo m'midzi isanu ndi umodzi ya ku Kabudula ndi ku Nambuma. Amayi anasenza miyala pamutu chilimwe chonse. Mawu a Ezeliya anamveka pa wailesi, ndipo a Lackson anayenda ndi wailesiyo khomo ndi khomo kuti anthu amve.

Chaka chotsatira anatumiza lipoti lake kwa mlangizi wake wa kunja. Yankho linabwera mu Ogasiti, lalifupi. Mlangiziyo anati mapaipi a tsidya akumudabwitsa. Kuyambira 2015 onse khumi ndi awiri ankakwera mofanana, ngakhale chaka cha chilala cha 2016, pamene mitsinje inauma. Komanso manambala ake ambiri ankathera pa ziro kapena faifi. Anamupempha kuti apite akayeze yekha.

Ezeliya anapsa mtima tsiku lonse. Anaganiza kuti munthuyo sakhulupirira kuti chinthu chabwino chingachokere ku dambo la kumudzi. Mawa lake anatsegula manambalawo n'kuwayang'ana monga mmene amayang'anira ntchito ya wophunzira amene akumukayikira. Anaona kuti mlangiziyo akunena zoona.

Loweruka anapita osadziwitsa munthu. Anapeza bambo ake kulibe, ali kudimba. Anasiya chikwama pakhonde n'kuwoloka dambo yekha. Atazungulira kachitunda kaja anaima. Bango panalibe. Panali maenje aakulu, akuya kufika m'khosi mwa munthu, ndi mizere ya njerwa zoyanikidwa. Mauvuni atatu ankafuka utsi. Anyamata ankathamanga ndi zikombole, matope mpaka m'mawondo. Pamtunda pamene anayala miyala panali pambalambanda, ndipo matayala a lole anali atakumba njira pakati pake.

Anayenda kufunafuna pamene panali paipi nambala 13, koma malowo sanawazindikire. Anakumana ndi mayi wina wosenza ndowa ya madzi opondera dothi, n'kumupatsa moni.

"Pepani mayi, kodi kuno kunali mapaipi a manambala ofiira, mukuwadziwa?"

Mayiyo anatula ndowa. "Aja? Anazula kalekale. Malo ano anagula bwana wina wa m'tauni, chaka chija cha mvula yambiri. Miyala anatenga ya maziko."

"Anazula ndani?"

Mayiyo anamuyang'anitsitsa. "Kodi inu si mwana wa a injiniya? Afunseni eni ake. Ndi amene anasenza, awiriawiri, masiku angapo."

Atabwerera, sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri, kumene kunali kachigafa kakale kosungiramo nkhuni. Mapaipi khumi ndi awiri anali pamenepo, atamangidwa bwino ndi luzi, atasanjidwa motsatira manambala, atafunditsidwa masaka kuti dzuwa lisawawononge. Anakhala pa mtolo wa nkhuni n'kudikira.

A Lackson anafika ndi khasu paphewa ndi mpiru m'manja. Atamuona pamene wakhala, anaika zonse pansi pang'onopang'ono.

"Ababa, ndachokera tsidya."

"Ndaona matope kunsapato zako," anatero, n'kukhala pansi padothi.

Kenaka anayamba okha, maso ali pansi. Anati kapitawo wa bwanayo anabwera mu Epulo 2015, n'kuwauza kuti azule zinthu zawo pofika Lachisanu, apo ayi anyamata aziduladula. Iwo anapita kwa eni malo amene anagulitsa, kukadandaula. Anawayankha kuti, inu obwera, nkhani za malo zikukukhudzani bwanji, kapena mwatopa ndi pamene mukukhalapo?

"Ndinaopa, Ezeliya. Akanandithamangitsa ndikanalowera kuti? Ndiye ndinazula ndekha kuti asawonongeke."

"Nanga osandiuza bwanji? Foni ndinakugulirani."

"Ndinati ndidzakuuze pamaso. Unabwera mwezi womwewo. Unali utawonda, ukutsokomola. Unakhala apo, n'kunena kuti, ababa, zatsala zaka zinayi zokha, ndipirire. Pakamwa panga panalemera. Ndinati ndilembe mwezi umodzi wokha, ndidzanena ulendo wina. Ulendo winawo unabwera ukuseka, ukuti miyala yayamba kugwira ntchito."

"Manambala munkawatenga kuti?"

Analoza mtengo wa mango. "Ndinkakhala apo. Ndinkadziwa kuti iwe ukufuna madzi akwere. Ndiye ndinkawakweza pang'onopang'ono, kuti zisachite kuonekera."

"Zaka zitatu ndi miyezi inayi."

"Eya."

"Ndipo tsiku loyamba la mwezi munkavala jekete."

"Apafupiwa ndinkayeza ndithu. Amenewo sindinanamepo ngakhale kamodzi."

Ezeliya sanakweze mawu. Anangoti, "Mwandipha, ababa."

Mkuluyo anakweza mutu koyamba. "Ine ndimati ndikukusunga." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Kodi sungangozisiya mmene zilili? Ndani adzachoke kunjako kudzaona dambo la kuno?"

Ezeliya anatenga chikwama chake n'kunyamuka. Sanatsanzike.

Lolemba m'mawa anakaonana ndi a Pulofesa Msusa n'kuwauza zonse. Iwo anamvetsera osadula mawu, kenaka anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Mayi Namaona, nkhaniyi mwauza ndani wina?"

"Palibe."

"Ndiye mverani. Muwalembere akunjawo kuti mapaipi a tsidya anawonongeka ndipo mwawachotsa mu lipoti. Si bodza. Mulembe za khumi ndi awiri otsalawo, mutenge digiri yanu. Zinazi zidzaiwalika."

"Otsalawo alibe miyala, bwana. Akungonena kuti dambo likuuma, chimene aliyense wotunga madzi akudziwa. Nanga midzi ija? Akusenzabe miyala chifukwa cha mawu anga."

"Miyala sipha munthu. Mwina ikuthandizadi."

"Mwina. Koma ine ndinawauza kuti ndayeza."

A Msusa anavula magalasi. Anali munthu wabwino, wotopa, woti watsala zaka ziwiri kupuma. "Mukalemba kalata youlula zonsezi, ine sindingathe kukutchinjirizani. Mukudziwa, eti?"

"Ndikudziwa."

Anayenda nayo kalatayo m'chikwama masiku asanu ndi anayi. Kawiri anaing'amba n'kuilembanso. Tsiku lakhumi anaitumiza ku yunivesite ya kunja, kwa akuluakulu a koleji, ndi ku bungwe lija.

Mu Novembala anaitanidwa pamaso pa komiti ya anthu asanu. Anamufunsa kuti mapaipiwo anawaona liti komaliza. Anati mu 2014. Anamufunsa chifukwa chake anasaina kuti manambalawo ndi oona. Anati cholakwa ndi chake, sanapite kukaona. Wina anafunsa kuti woyezayo anali ndani, ndipo anali ndi maphunziro anji. Ezeliya anayesa kuzemba funsolo, koma linabwerezedwa.

"Ndi bambo anga. Analekezera Sitandade 3."

Mmodzi wa iwo anaphimba pakamwa ndi dzanja n'kuyang'ana pawindo.

Sanamuchotse ntchito, chifukwa anadziulula yekha, komanso panalibe wina woti atenge makalasi ake. Koma yunivesite ya kunja inafufuta dzina lake. Koleji inamuletsa kulangiza kafukufuku wa ophunzira ndipo inamusiyira makalasi a chaka choyamba okha. Bungwe lija linaimitsa ntchito ya miyala sabata yomweyo, mizere ina ili pakatikati.

Palibe anamutuma, koma anapita ku mudzi umodzi wa ku Nambuma kukanena yekha. Anthu anasonkhana pabwalo la tchalitchi atatuluka m'mapemphero. Atamaliza kufotokoza, mayi wina wachikulire dzina lake Marita, amene ankatsogolera gulu la osenza, anaimirira.

"Ndiye mukuti miyala tinasenza ija ndi yachabe?"

"Sindikudziwa, mayi. Mwina ikuthandiza, mwina ayi."

"Mwana wanga anasenza ali ndi pakati. Ine khosi ili silitembenuka mpaka lero. Nanga ngati inu a sukulu simukudziwa, akudziwa ndani?"

Anthu sanamulalatire Ezeliya. Anangonyamuka mmodzimmodzi, ndipo abusa anamuperekeza mpaka pamsewu chifukwa cha ulemu.

Kwa bambo ake sanapiteko miyezi isanu. Foni yawo ikalira ankangoiyang'ana. Ankadziuza kuti akudikira mtima utsike, koma choona chinali chakuti akawakumbukira atakhala padothi paja, ankadzida yekha kuposa mmene ankawakwiyira. Anapita mu Januwale, mvula ikuwaza. Anapeza munda wosalima, udzu mpaka pakhomo. A Lackson anali ataonda moti malaya ankangolendewera. Katundu wawo anali atamanga m'matumba awiri.

"Wachita bwino kubwera," anatero. "Ndikupita kwathu. Azakhali ako a Faness akuti kuli kachipinda."

"Kwanu kuti, ababa? Mwakhala kuno zaka makumi anayi. Kumeneko akudziwani ndani?"

"Kuno akundidziwa kwambiri. Ana akandiona akumafuula kuti, a injiniya, madzi akwera?"

"Tiyeni tikakhale limodzi m'tauni."

"Kuti uzindiona m'mawa uliwonse popita ku ntchito imene ndinakuwonongera? Ayi."

Ezeliya anagwada pafupi nawo. "Ndinalankhula moipa tsiku lija. Mundikhululukire. Wolakwa ndine. Ndinakusenzetsani katundu wanga n'kukusiyani nokha."

"Sunalankhule moipa. Unanena zoona." Anamugwira paphewa pang'ono n'kuchotsa dzanja. "Mayi ako akanakhalapo akanandiletsa. Iwo sankaopa kunena zinthu."

Anawachonderera mpaka madzulo, koma sanasinthe maganizo. Sabata yotsatira anawaperekeza ku depoti n'kuwakweza basi ya ku Blantyre. Ankawaimbira Lamlungu lililonse. Ankayankha mwaulemu, mafunso onse ndi mawu awiri atatu, ngati akulankhula ndi mlendo.

A Lackson anamwalira mu Juni, nthawi yozizira, atadwala chifuwa masiku ochepa. Pamaliro panali anthu osakwana makumi atatu, ndipo wolalika anachita kufunsa dzina lawo lachikhristu kwa a Faness. Ezeliya anakhala masiku awiri. Lamlungu anakwera basi, chifukwa Lolemba hafu seveni anali ndi kalasi ya ophunzira mazana atatu ndi makumi anayi. Anaiphunzitsa.

Kawiri anapempha thandizo loti ayambenso kafukufuku pa dambo lina, ndipo kawiri anamukana. Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa, onse amadziwana. A Msusa atapuma, mpando wawo unapita kwa Stanley Kadzombe, amene Ezeliya anamuphunzitsa m'chaka chake choyamba pa kolejipo. Stanley amamulemekeza, amamutchula kuti aphunzitsi, ndipo misonkhano ya kafukufuku ikamachitika amaonetsetsa kuti Ezeliya ali ndi kalasi nthawi yomweyo, kuti asachite kumuuza kuti asabwere.

Ezeliya akuphunzitsabe. Amafika msanga, amachonga mapepala mosamala, ndipo ophunzira amati ndi wovuta koma sakondera. Ku Katope sanabwerereko. Nyumba ya zidina ija inagwa ndi mvula ya chaka chachiwiri, ndipo eni malo analimapo soya.